Chingwe cha Laputopu ya Malemu

Ndinamuchenjeza mwana wanga wamkulu kuti asakhudze chingwe chija. Anandiseka.

Laputopuyo inali ya mng'ono wake. Inagwa pansi mwiniwake akadali moyo, ndipo inakhalitsa kwa wokonza mpaka iye tinamuika m'manda. Tsiku limene wokonzayo anaibweretsa, anamulangiza mkazi wa malemu, ine ndikumvera pakhomo. Anati makinawo agona nthawi yaitali, pulogalamu ya Linux imene imawayendetsa yatsalira m'mbuyo, ndiye ayenera kukoka zatsopano pa intaneti. Batire linali litafa. Akangoyamba, magetsi asachoke mpaka amalize okha.

Ine kuwerenga sindidziwa, koma chenjezo ndimalimva. Ndinathamangitsa adzukulu pabalaza, ndinakhala pampando kulondera chingwecho ngati ndikudwazika munthu. Tizilembo toyera tinkayenda pagalasi lakuda ngati nyerere.

Ndi pamene wamkuluyo analowa osagogoda, galimoto ataisiya ikulira panja. Firiji ndi mipando anali atanyamula kale, tsopano anadzera laputopu. Anati katundu wa m'bale wake sangadyedwe ndi mkazi amene mawa lino akwatiwa kwina.

Wamasiyeyo anagwada. "Alamu, tengani, sindikukana. Ingodikirani imalize."

"Imalize kufufuta zimene ukubisazo? Unamudya mwamuna, tsopano ukufuna udye ndi ife?"

Ndinamugwira malaya. Ndinamuuza kuti m'menemo muli mwana wake. Iye ndi mkazi wake anataya kamtsikana kawo kamodzi kokhako, kasanayambe ndi sukulu yomwe. Mavidiyo ake onse malemu anawasunga mu laputopuyo foni ya mayi wa mwanayo isanabedwe. Ndinafuna ndifotokoze zonsezi, koma lilime la munthu wamantha limachedwa.

"Amayi, ukalamba wakulowani m'mutu. Mwana wanga ali kumanda."

Anazula chingwe. Galasi linada bii. Ananyamula laputopuyo, namenyetsa chitseko mpaka chithunzi cha malemu chinapendekeka pakhoma, wamasiye n'kugwa chafufumimba, kulira osatulutsa mawu. Mawu a mwamuna wake nawonso anali mu laputopumo.

M'mawa mwake ndinamulondola kwake. Ndinamupeza patebulo lodyera, thukuta kamukamu. Laputopu inkayaka, kulemba timawu, n'kuima. Ndinamupempha kuti aibweze kwa wokonza uja, mwina zam'katimo zikadalipo. Anakana. Kupita kumeneko kukanakhala kuvomera kuti mlamu wake ananena zoona. Anati mfiti ija yailodza, ndipo iye aitsuka yekha. Anali atabwereka fulashi, kachipangizo kosungira zinthu, yokhala ndi Linux yatsopano kwa mnzake wa kuntchito.

Makinawo anamufunsa funso, nabwerezanso. Ndinamuuza kuti andiwerengere. Anati akufunsa ngati afufute zonse zakale. Ndinati chinthu chikamakufunsa kawiri, chikukupatsa mpata woti ubwerere. Anadina.

Inayaka bwinobwino, yoyera ngati mbale yotsuka. Anandiyang'ana monyada, ati taonani, agogo olosera zoopsa.

Mkazi wake anafika madzulo kuchokera kuntchito. Ataona laputopu ya mlamu wake, chikwama chinamupulumuka. Anamuthokoza mwamunayo misozi ili m'maso, akuyesa kuti waitengera iye. Anakoka mpando, napempha kuti ayambe ndi vidiyo ija mwana akuimba m'bafa, thovu lili kumutu.

Mwana wanga anatsegula apa, anatsegula apo. Munalibe kanthu. Anatsegulanso momwemo. Kenaka anayang'ana ine, ndipo ine ndinayang'ana pansi.

Mkaziyo anaimirira. Analowa kuchipinda, natuluka ndi sutikesi ndi kansapato kamodzi ka mwana.

"Matenda anandilanda kamodzi," anatero. "Iwe wandilanda kachiwiri."

Wokonza uja anayesa kubwezeretsa zofufutidwazo, koma anaibweza mutu uli pansi. Mkazi sanabwerere. Masiku ano mwana wanga amabwera kwa ine, osalizanso galimoto, amakhala pansi pafupi ndi mapazi anga. Dzulo anandifunsa motsitsa mawu.

"Amayi, kodi mwana wanga uja ankaseka bwanji?"

Ndinayesa kumuyerekezera. Chimene chinatuluka ndi chifuwa cha nkhalamba basi.