Mkono wa Zanobi

Madzulo amenewo Lattanzio, wojambula zithunzi, anadya theka la buledi wake, linalo n'kusungira kufufutira choko, monga ankachitira masiku onse. Mkuluyu anali atatopa mpaka m'mafupa. Maso anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo ankadziwa kuti chithunzi cha choko chofiira chimene chinali patebulo chinali chake chomaliza. Ansembe a mumzinda wa Bologna ankachidikira kuti chikajambulidwe pakhoma la tchalitchi. Chonse chinali chitatha, kupatula mkono wakumanja.

Mwini mkonowo anali Zanobi, wonyamula katundu pamsika, amene ankaima kuti azimujambula, atavula malaya, atagwira chingwe cholendewera kudenga kuti mkono usatsike. Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi: woimayo satsitsa mkono mpaka wojambula atanena kuti "pumula". Koma Lattanzio ankaumira mawu amenewa ngati amachita kugula. Tsiku lina lozizira m'mbuyomo Zanobi anangoti khu pansi, osadzukanso, mawuwo asanawamve.

Atangoyatsa nyali, mkuluyo anamva chingwe chikulira. Kwii. Mphepo kunalibe. Anakweza maso. Chingwe chinali chitakungika, ndipo mumdima wa pakonapo munaoneka mkono wotuwa mbuu, mitsempha yonse ili poyera.

"Bwana," anatero mawu olefuka, "nditsitse?"

Mantha anamugwira, inde. Koma galu wamkota sasiya fupa, ndipo mkono wokongola chonchi anali asanauonepo chibadwire.

"Pang'ono pokha, Zanobi. Kweza chigongono."

"Ndatopa, bwana. Ngakhale kumene ndiliko sindigona."

"Ndani sanatope? Usagwedezeke, chitsiru iwe!"

Choko chinathamanga papepala. Mafuta anatha, nyali inazima, iye osaleka.

Kutacha Mayi Orsola, amene ankamuchapira zovala, anapeza chithunzi chitatha, mkono uli ngati utuluka papepala. Pampando wa wojambula panalibe munthu. Lattanzio anali ataima pamalo pa Zanobi, mkono uli m'mwamba, zala zitada bii ndi chingwe.

"Bambo inu, mwapenga kodi? Tatsitsani mkonowo, muthyoka phewa!"

Mkuluyo sanatembenuke n'komwe. Anangoti maso tong'o pampando wopanda munthuwo, misozi ikutsikira mundevu.

"Zanobi sanandiuzebe kuti ndipumule," ananong'ona.