Foni ya Malemu Imalirabe

Foni ya malemu Davison inayamba kulira m'mawa wotsatira tsiku lomwe anamuika m'manda. Inali 6 koloko, amayi ogona pamaliro akungodzuka kumene. Kulirako kunkachokera kuchipinda, m'sutikesi momwe anatsekeramo katundu wa malemu, ndipo kunali kopyapyala, kosalekeza, konga kwa nkhululu. Amayi awiri anathawira panja, zitenje zili m'manja.

Chomwe chinaimitsa anthu mitu n'choti foniyo inali yozimitsa. Wilson, mng'ono wa malemu, anaizimitsa yekha anthu akuona asanaiike m'sutikesimo. Panalibenso wolimba mtima kukatsegula, chifukwa pamudzi pa a Belita, amake a Davison, kwa Kaduya, katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka tsiku losudzula wamasiye. Foni inalira mpaka kutopa yokha. Madzulo, 6 koloko itangokwana, inayambanso.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanadzidzimuke: Rozaria, mkazi wa malemu. Iye foniyo ikalira ankangodzuka pamphasa mwakachetechete, n'kugwira dzanja Atikonda, mwana womupeza wa zaka zisanu ndi ziwiri, n'kupita naye kuseri kwa bafa. Kumeneko ankatulutsa timabotolo tiwiri m'chikwama chake. Mwana ankamwa ake, iye ankamwa ake, kenako ankabwerera kukakhala pamalo pawo. Anthu anaona kudzukadzukako, ndipo pamaliro, paja pamakhala maso ambiri kuposa misozi, nkhani inayamba kuyenda.

Davison ankagula nandolo pa Migowi, ndipo foniyo ndiyo inali khasu lake. Ndi imene inkamuuza mitengo ya ku Limbe anzake asanamve. Ankaikonda monyanya, moti ankaiveka sokosi ya mwana kuti isakalike, mvula ikagwa n'kuikulunga m'jumbo iye mwini akunyowa. Koma ntchito yaikulu ya foniyo ankaidziwa anthu atatu okha. Chaka cha 2006, atatu onse a m'nyumbamo atapezeka ndi kachilombo, namwino anawatcherera alamu m'foniyo kuti iziwakumbutsa kumwa mankhwala otalikitsa moyo, 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Foni zamtundu umenewo alamu yake imalira ngakhale utazimitsa.

Atikonda anabadwa nako kachilomboko. Amayi ake omubala, a Felista, anamwalira iye ali ndi zaka ziwiri, ndipo abale awo anabwerera ku Mozambique osamvekanso. Davison anapita naye mwanayo kuchikamwini kwa Chiwalo, Rozaria n'kumulandira ali ndi zilonda m'mutu, n'kumulera mpaka kusalala. Chinthu chimodzi chokha ndi chomwe Davison anamupempha mkazi wake atagwada.

"Amayi asadzamve za matendawa, Rozaria. Iwo ndi otsogolera nyimbo kumpingo, angadzafe ndi manyazi. Ndilumbirire."

Rozaria analumbira. Ndipo nthawi ya dzinja Davison atadwala chifuwa, a Belita n'kubwera ndi njinga ya kabaza kudzamutenga, akuti mwana wawo sangafere kuchikamwini, Rozaria anamuikira mabotolo awiri m'thumba la jekete. Akapita kukamuona ankamufunsa ngati akumwa. Davison ankavomera, maso ali pansi. Patangotha miyezi iwiri ndi theka, munthu wonenepa uja anangotsala mafupa, n'kumwalira.

Tsiku lachinayi la maliro, foni italira m'mawa, a Belita analephera kudzigwira. Anamupeza Rozaria akusesa pakhonde.

"Ukuimva? Mwana wanga sakugona kumandako. Akulira, ndipo akulira iweyo."

"Amayi, si choncho ayi."

"Usanditchule amayi. Miyezi yonse anali pano, kafoni kameneka kankalira nthawi yomweyi, m'mawa ndi madzulo. Unali iweyo ukumuitana, kumukoka mtima. Kakalira nkhope yake inkasintha, ankakhala ngati wakuba. Lero wafa, foni yazimitsidwa, koma chomwe unaikamocho chikulirabe. Unamudya mwana wanga."

Rozaria anaika tsache pansi. Mawu anafika pakhosi, koma lumbiro linawabweza.

"Loweruka tikusudzula," anapitiriza a Belita. "Udzanyamuke wekha monga unabwerera. Atikonda ndi magazi a Davison, atsala pano. Sindingasiye mdzukulu wanga m'manja mwa munthu amene amamutengera kuseri kwa bafa kawiri pa tsiku."

Analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko mpaka dothi la pakhoma linayoyoka. Kuyambira pamenepo amayi ena anasiya kudya mbale imodzi ndi Rozaria. Akadutsa, nkhani zinkaduka. Iye mantha ake sanali pa dzina lake. Ankangoganiza za Atikonda atatsala pakhomo pomwe panalibe wodziwa chomwe chinkasunga moyo wake.

Lachisanu madzulo foni inalira monga mwa nthawi zonse. Rozaria anapita ndi mwana kuseri kwa bafa, n'kupisa dzanja m'chikwama. Munalibe kanthu. Anakhuthulira pansi zovala zonse, n'kukutumula chimodzichimodzi. Mabotolo onse awiri anali atasowa, pamodzi ndi timabuku takuchipatala.

"Amayi, lero sitimwa?" anafunsa Atikonda, kapu ya madzi ili m'manja.

"Timwa mawa, mwanangu."

Namwino anali atawachenjeza kuti mankhwala amenewa sadumphitsa, ukadumphitsa kachilombo kamadzuka kolusa kuposa kale. Loweruka m'mawa foni inaliranso, mwana osamwa kanthu. Rozaria analira mobisa nkhope m'chitenje, ndipo anthu anati akulira chifukwa choti zake zatsala pang'ono kuululika.

Mwambo wosudzula unayamba masana dzuwa litapendeka, chifukwa abale a Rozaria ochokera kwa Chiwalo anachedwa pa njira. Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo. Wilson ndi amene anatulutsa sutikesi n'kuiika pakati pa bwalo. Ankaigwira motalikira ngati muli njoka. Akuluakulu analankhula motalika za ukwati, za munda, za njinga ndi sikelo ya nandolo. Atafika pa nkhani ya mwana, a Belita anaimirira asanapatsidwe mpata.

"Ine ndili ndi umboni," anatero, n'kumasula mfundo ya chitenje chawo. Anakweza m'mwamba mabotolo awiri oyera. "Onani. Izi ndazipeza m'chikwama mwa mkaziyu, ndi zomwe akumwetsa mdzukulu wanga kuseri. Timibulu tomweti ndinatipezanso m'jekete la Davison tsiku lomwe ndinakamutenga. Ndinamufunsa kuti n'za chiyani, anangoti kukamwa gwa. Mwamuna wamkuluwamkulu kulephera kuyankha amake! Ndinadziwiratu kuti ndi zomupusitsa, zoti azingomvera mkazi. Ndinakazitaya m'chimbudzi tsiku lomwelo, mabotolo onse awiri. Koma ndinachedwa, zinali zitamulowerera kale."

Rozaria anawayang'anitsitsa apongozi akewo. Miyezi yonseyi ankadzifunsa chomwe chinkamumaliza mwamuna wake mofulumira chotero. Yankho linali litaima patsogolo pake, likudzitama.

"Munataya?" anafunsa ndi mawu otsika. "Tsiku loyamba lomwelo?"

"Ndinataya, ndipo izinso ndiziponya pamoto anthu onsewa akuona."

A Belita anatembenukira kumoto womwe amayi ankaphikirapo chapafupi. Rozaria, amene sabata yonse sanakwezepo mawu, anadzuka n'kuwatsekera njira. Anagwada n'kuwagwira miyendo.

"Amayi, nditukwaneni, ndithamangitseni, tengani njinga, tengani sikelo, tengani zonse. Koma musatenthe zimenezo. Mukatentha mwapha mwanayu."

"Mwamva? Akundiopseza," anatero a Belita.

Nthawi yomweyo m'sutikesi munayamba kulira. Amuna ena anasuntha mipando yawo, mayi wina anayamba pemphero mokweza. Koma Atikonda, amene anali pamiyendo pa azakhali ake, anatsika n'kuthamangira kumtsuko. Anatunga madzi m'kapu, n'kuyenda nawo mosamala kudutsa pakati pa bwalo, n'kukaima pafupi ndi agogo ake. Anatambasula kadzanja kake.

"Agogo, nthawi yakwana. Ikalira foni ya adadi timamwa mankhwala. Dzulo sindinamwe, m'mawanso sindinamwe."

Foni ija inkalirabe. Rozaria anayang'ana mwanayo, n'kuyang'ana sutikesi, ndipo anadziwa kuti lumbiro lomwe analumbira kwa wakufa silingapose mwana wamoyo.

"Davison, undikhululukire," anatero misozi ikutsika. Kenako anaimirira n'kuyang'ana anthu. "Imeneyo ndi alamu, si mzimu ayi. Anatitcherera ndi anamwino kuchipatala. Ine, malemu ndi mwanayu, tonse tinapezeka ndi kachilombo. Amenewo ndi mankhwala otalikitsa moyo. Zaka ziwiri takhala tikumwa, ndipo nonse munamuona Davison mmene ananenepera, mmene ankanyamulira thumba la nandolo yekha. Anandilumbiritsa kuti amayi ake asadzamve. Inu a Wilson, timabuku tathu takuchipatala tili m'chitenje mwa amayimo. Werengani nokha."

Wilson anayandikira, n'kutenga timabukuto m'chitenje mwa amayi ake, omwe sanakanize. Anawerenga koyamba, anawerenga kachiwiri. Kenako anatsegula sutikesi, mwambo kapena ayi, n'kutulutsa foni m'sokosi yake. Anaiyang'anitsitsa, n'kudina batani, kulira kuja n'kutha.

"Ndi alamudi," anatero. Anatembenukira kwa amayi ake, maso atafiira. "Amayi, achimwene akamva kulira kumeneku nkhope inkasintha chifukwa ankadziwa kuti nthawi yakwana, koma chakumwa palibe. Kawiri pa tsiku, miyezi iwiri ndi theka. Munalekeranji kundifunsa ine? Munalekeranji kupita nazo kuchipatala kuti akakuuzeni?"

"Iye analekeranji kundiuza?" anafunsa a Belita, mawu atasasa. "Ndikanamudya ine? Ndine mayi wake."

"Ankakuopani," anayankha Rozaria. "Ankaopa manyazi anu kuposa imfa yake."

A Belita anayang'ana mabotolo omwe anali m'manja mwawo ngati akuwaona koyamba. Kenako anakhala pansi padothi. Anayang'ana akuluakulu mmodzimmodzi, kufuna wina woti awatsutse.

"Ndiye kuti mwana wanga ndinamupha ndine?"

Ena anayang'ana pansi, ena anayang'ana kuphiri la Michesi. Atikonda yekha ndiye anali chiimire, kapu m'dzanja limodzi, linalo ali chitambasulire. A Belita anayesa kutsegula botolo koma linawakanika. Rozaria anawalanda mofatsa, n'kuika mankhwala m'dzanja la mwanayo, nayenso n'kumwa ake pamaso pa anthu onse, osabisanso.

Nkhani ya mwana sinavutenso. Mkulu wina wa kubanja la malemu anangoti mwana apite ndi amene akudziwa nthawi yake. Atamufunsa Rozaria chomwe akufuna pa katundu wa mwamuna wake, anatchula chinthu chimodzi chokha.

"Foniyo. Mwanayu anaizolowera."

"Tenga," anatero a Belita akulira mokweza, atadzigwira kumutu. "Tenga, ichoke pano. Ndisadzaimvenso."

M'mawa wake Rozaria anatsanzika. A Belita sanatuluke m'nyumba, koma anatumiza Wilson ndi nkhuku ndi lichero la chinangwa choti mwana akadye. Wilson anawaperekeza mpaka pa Migowi, komwe anaitchajitsa foniyo pa babashopu pomwe malemu ankatchajira. Posiyana anamugwira Rozaria dzanja nthawi yaitali.

Atikonda anakula, ndipo foniyo inawatumikira zaka zina zitatu, ikadali m'sokosi yake yomwe ija. Rozaria ankamutumiza mwanayo kwa Kaduya patchuthi, botolo lili m'chikwama, ndipo agogo ake sanamudumphitsepo ngakhale kamodzi. Kwa iwo wotchi sinkafunika. Kuyambira Loweruka lija a Belita anasiya kutsogolera nyimbo kumpingo, ndipo oyandikana nawo ankati 6 koloko ikamakwana, m'mawa ndi madzulo, ankawaona akutuluka m'nyumba mofulumira n'kukaima pakati pa bwalo, atatseka makutu ndi manja onse awiri, pomwe foni inali kutali kwa Chiwalo.