Chiliza Chopendekera kwa Telala

Manda a m'katauni kaja ali ndi khalidwe limodzi loipa: sasankha. Kale anthu ankagona pabanja pabanja, ndipo kumtunda, pansi pa mitengo ikuluikulu, kukadali ziliza za makolo zozingidwa ndi timipanda ta dzimbiri. Koma malo atachepa, akuluakulu a tauni analamula kuti aliyense azigona pamzere ngati kuchigayo: wafa lero atsamire amene anafa dzulo.

Ndi mmene a Wometa, bambo uja ankameta mutu wa munthu maso ali kumsewu, anapezekera pambali pa Mayi Telala. Ali moyo, anthu ankanong'ona kuti buluku la a Wometa linkang'ambika pafupipafupi kuposa la mwana wa sukulu, ndipo linkasokedwa chitseko chili chotseka. Choncho mkazi wawo analira kawiri, kulira mwamuna, kuliranso mzere.

Tsiku lina m'mawa mkazi wa a Wometayo atabwera kudzasesa, anapeza chiliza cha mwamuna wake chitapendekera kumanzere, kwa Telala, ngati munthu wofuna kunong'oneza kanthu.

"Inu bambo a ana!" anakuwa, manja m'chiuno. "Simenti yonseyi pamutu, khosi likutembenukabe?"

Anachiwongola, nachitsamiritsa ndi miyala. M'mawa mwake chinali chitapendekera kuposa dzulo. Mkuja wake, ee, chinachita kuwerama ngati mkamwini! Kumsika nkhani inamera miyendo: ena ankati usiku kumamveka kukanda pansi, ena ankati kupuma kwa mwamuna wotopa, wefuwefu.

"Ine, mayi, ndimalondera kuti amoyo asalowe," anatero mlonda wa manda, akuyang'ana kumbali. "Za akufa kuyenderana sanandilembere."

Mantha mayiyo anali nawo, koma nsanje ndi mkulu wake wa mantha. Usiku umenewo mayiyo anakwawa pansi pa waya, tochi kumanzere, ndodo ya tsache kumanja. Mdima unali bii, woti ukhoza kuudula ndi mpeni. Nthambi zinkakhulana pang'onopang'ono ngati mano a munthu wogona, ndipo tizilombo tonse ta m'udzu tinangoti zii nthawi imodzi. Kenaka anamva: tswa... tswa... tswa. Pakati pa manda awiri aja panali chinthu chakuda chowerama, chikunong'ona ndi mawu okhuthala.

"Sumupeza... sumupeza..."

Dzanja la mayiyo silinafunse. Ndodo inatsika, phwaa!

"Mayoo! Ndafa ine!"

Mzukwa wanji wolira msana? Tochi itayaka, anali a Kalipentala, mwamuna wa malemu Telala, khasu lili m'manja, matope mpaka m'makutu.

"Ndikukumba ngalande, mayi," ananong'ona akusisita msana. "Ndimaiphimba ndi udzu kusanache. Amuna anuwa ndikuwadziwa ine. Mpanda ankalumpha, koma madzi ankawaopa."

"Mutu wa thabwa inu! Dothi mukuchotsalo ndi lomwe lagwira chiliza. Ndinu mukuwakankhira kwa mkazi wanu!"

A Kalipentala anaika khasu pansi.

"Koma mayi... ine ndinayamba kukumba nditapeza chitapendekera kale."

Palibe anaseka. Kumtunda kuja kampanda kena kachitsulo kanalira kwiii, popanda mphepo, ndipo awiriwo anatuluka pa waya limodzi ngati ana a mimba imodzi.

Kutacha anagwirizana, poti nsanje ziwiri zikakumana zimamanga ndi nyumba yomwe. Anakwirira ngalande ndi miyala, anathira simenti yoti ingaimitse mlatho, anawongola chiliza, namanga kakhoma kofika m'chiuno pakati pa manda awiriwo. Mayiyo anakamenya ndi chikhatho.

"Lumphani tione, bambo a ana."

M'mawa mwake anafika onse awiri, wina atanyamula tsache, wina maluwa. Kakhoma kanali chilili, kopanda ndi mng'alu womwe. Koma ziliza zonse ziwiri zinali zitapendekera, cha Wometa kumanzere, cha Telala kumanja, mitu itagundana pamwamba pa khomalo.

Maluwa anagwa m'manja mwa a Kalipentala. Mlonda anabwera cham'mbali, maso ali psuu, chipewa chili m'manja.

"Kukanda kuja kwatha," ananong'ona. "Koma usiku wonse wa lero pansipa pamalira makina osokera."

Mayiyo anayang'ana chiliza cha mwamuna wake.

"Buluku lija lang'ambikanso," anatero.