Agalu Omva Chitonga Chokha

Nkhani iyi si ya pamowa ayi. Wokayika apite ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, akafunse Ba Molly ogulitsa nsomba zouma, mayi wopemphera amene sanama ngakhale pofuna kugulitsa. Iwo analipo, ndipo anamva ndi makutu awo.

Zinachitika zaka zija mafakitale a ku Kafue ankachotsa anthu ntchito ngati akupeta mankhusu. Mmodzi mwa ouluzikawo anali Lastone, mwana wa anthu akummawa amene anabwera kudzagwira ntchito ya njanji. Iyeyu anakulira pa makina, ng'ombe ankaidziwira m'mbale basi. Chaka chomwecho apongozi ake, Ba Obed, Mtonga wa khola lake panjira ya ku Chanyanya, anamwalira. Achibale atatenga zawo, ng'ombe zotsala zinagwera Gwendolyn, mkazi wa Lastone, pamodzi ndi agalu amene palibe anawafuna. Ng'ombezo ndizo zinali chakudya cha banja lonse tsopano.

Agaluwo aliyense anali ndi mtima wake. Sajeni, galu wamkazi wa imvi kukamwa, sankauwa mwachisawawa. Ankangoyang'ana ng'ombe m'maso, iyo n'kutembenuka yokha. Kapenta anali kamwana ka phokoso koluma zidendene, kouwa ngakhale gulugufe. Gavana, chigalu chachikulu, ntchito yake yooneka inali kugona, koma mwana wa ng'ombe akatsalira ndiye ankamuperekeza. Ndiye panali Madamu, woyera mchira, wonyada, amene ankadana ndi matope kwabasi. Anzake akamadutsa m'chithaphwi, iye ankazungulira kufuna pouma, ngati mkazi wa bwana wavala nsapato zatsopano.

Vuto linali limodzi: onsewo ankamva Chitonga chokha. Ba Obed akali moyo ankaima pachulu cha pafupi ndi khola, fodya wa balani ali pakamwa, n'kufuula kuti, “Boola!” Kwa Atonga mawuwa ndi akuti bwera. Kwa Lastone anali oseketsa.

“Niboole chani?” ananong'oneza mkazi wake tsiku lina. “Saka olo tayala?”

Khutu la nkhalamba limagontha pa zina zokha. Ba Obed anatsokomola, nanena osatembenuka, “Muzaimvela, bapongozi.”

Maliro atatha, Lastone anauma mutu. “Badya nshima yanga, bazamvela Chinyanja,” ankatero. Agalu sanatsutse. Mmawa ankatulutsa ng'ombe okha, madzulo n'kuzibweza okha, iye akutsatira pambuyo ndi ndodo ngati mlendo.

Ndiye linafika tsiku lina la mvula ya Febuluwale. Ku Kafue sinagwe, koma kumtunda kwa mtsinje kunali kwakuda sabata yonse. Ng'ombe zinalowa patali m'dambo kutsata msipu wanthete, ndipo Lastone sanadziwe kuti oweta enieni safikako nyengo imeneyo. Dzuwa likupendeka, nkhungu inatuluka mu udzu. Inaphimba chulu, mitengo, ndi mapiri omwe.

Madzi sanabwere ndi mkokomo. Lastone anangowamva m'nsapato.

Posakhalitsa anali m'katumba. Ng'ombe zinaunjikana, ana ali pakati akulira. Agalu anabalalika m'nkhungumo, fungo la njira litamira. Lastone anayang'ana uku ndi uku, ndipo konse kunali koyera mofanana. Mtsinje uli kuti? Khola lili kuti? Anachita mantha, mantha enieni. Anaganiza za Gwendolyn ndi khola lopanda kanthu.

“Bwelani! Sajeni, iwe! Tiyeni!”

Palibe galu anabwera.

Apo anameza kunyada kwake. “Boola!” anakuwa. “Boola!”

Anabweradi, onse, akusambira ndi kupuma mwawefuwefu, namuzinga akunjenjemera. Pamenepo ndiye mtima wake unagwa. Mawuwo amaitanira kumene kuli woitana. Iye anawaitanira pakati pa madzi.

Achule analeka kulira.

Madzi anafika m'maondo.

Kenako fungo. Balani wokulunga m'nyuzipepala, m'dambo mopanda moto.

Wina anatsokomola chapatali, kumanzere. Katsokomoledwe kake kanali kodziwika.

“Madamu. Boola.”

Sanafuule. Anangonena, monga munthu woitana galu wake pakhomo.

Madamu anaimika makutu, nalira pang'ono, nanyamuka. Sanalunjike. Anakhota uku, nakhota uko, akuponda pamene madzi anali ochepa, pa kamtunda kobisika pansi pa udzu kamene mapazi ake onyada aja ankakadziwa kale. Sajeni anayang'ana ng'ombe yotsogolera m'maso, iyo n'kutsatira mchira woyerawo. Kapenta analuma zidendene osauwa ngakhale kamodzi. Gavana anakankha ndi phewa mwana wa ng'ombe wotsimphina.

Lastone yekha anaima chilili. Amayi ake ankati wakufa akakuitana usayankhe.

Ng'ombe yomaliza inalowa m'nkhungu. Madzi anagwira m'ntchafu.

“Bapongozi,” anatero mawu aja, mofatsa. “Boola.”

Ulendo uno anawamva. Anayenda.

Nthawi yomweyo Ba Molly ankakankha njinga yawo ya dengu la nsomba pafupi ndi khola, ndipo anapeza Gwendolyn ataima pachipata manja ali kumutu. Onse awiri anamva mawuwo akuchokera pachulu. Chulucho chinali pafupi, ankachiona bwinobwino. Panalibe munthu.

“Ni batata,” ananong'ona Gwendolyn.

“Mu zina la Yesu!” Ba Molly anagwetsa njinga nayamba kupemphera mokweza. Amalumbira mpaka lero kuti mawuwo anakhala chete kudikira kuti amalize. Atati ameni, anaitananso.

Woyamba kutuluka m'nkhungu anali Madamu, akukutumula mapazi monyansidwa. Kenako nyanga, nyanga, nyanga. Gwendolyn ankatchula iliyonse dzina lake, akulira ndi kuseka pamodzi, mpaka kamwana kotsimphina kaja kanalowa, Gavana ali pambuyo pake. Pomalizira penipeni panatulukira mwamuna wake, wopanda nsapato, wopanda ndodo, matope mpaka m'chiuno. Anakhala pansi pachipata, nakumbatira khosi la Gavana, chigalucho n'kugona pomwepo monga mwa masiku onse.

“Zonse zakwana?” anafunsa.

“Zonse,” anatero Gwendolyn. “Na imwe mwakwana.”

Mmawa mwake dambo lonse linali mtsinje. Ba Molly anabwera ndi anzawo a kutchalitchi kudzapempherera khola, ndipo Lastone sanaletse. Iwo atachoka, anapempha mkazi wake amuphunzitse mawu ena amodzi a Chitonga. Kenako anakwera pachulu. Panalibe phazi la munthu padothi lonyowalo, panalibenso phulusa la fodya.

“Boola!” anaitana.

Agalu anathamangira kwa iye, Kapenta akuuwa ngati kale. Anakhala pamapazi pake. Sajeni yekha anamudutsa, nakakhala kumbuyo kwake pang'ono. Anakweza mutu, napinda makutu, natsinzina, monga amachitira galu akamasisitidwa ndi munthu.

Lastone sanatembenuke. Anavula chipewa.

“Twalumba, bapongozi,” anatero, kuthokoza m'Chitonga chake chatsopanocho.

Kumbuyo kwake, mchira wa Sajeni unali kumenya pansi.