Pepani wa Pamaliro

Dalaivala wina wachikulire ndiye anali womaliza kutuluka m'tchalitchi usiku umenewo. Anzake anali atabalalika kalekale, iye akuwongolabe mabenchi owongoka kale. Kupemphera ankatha mkuluyu, moti akayamba, ana ankagona Ameni asanafike. Koma panali chinthu chimodzi chimene pakamwa pake pankakana kutchula.

Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo anagunda munthu ndi lole pamlatho, n'kuthawa osamuona ndi nkhope yomwe. Kumaliro anapita ndithu. Anaima pamzere ngati ena onse, n'kugwira dzanja la mayi wamasiye. "Pepani, mayi." Mayiyo anathokoza poyesa kuti akumutonthoza, koma dalaivala mumtima anati basi, ndapepesa. Zinali zomvetsa chisoni, chifukwa tulo tokha sitinalole kunamizidwa.

Masiku onse mlathowo ankauzungulira, koma usikuwo kunali kukubwera mvula, ndiye anangolimba mtima n'kudzera pomwepo wapansi. Atafika pakati anamva kanthu kumbuyo. Tche... tche... tche... Tcheni cha njinga. Anacheuka. Munthu wa malaya oyera, akukankha njinga yopindika gudumu. Mapazi ake osamveka!

"Mwaswera bwanji, achimwene?" anafunsa dalaivala.

"Ine ndaswera," anayankha mlendoyo. "Koma akazi anga sagona. Amafunsabe Mulungu kuti anali ndani."

Kuti athawe... zosatheka!

"Pepani," mawuwo anangotuluka okha.

Mlendo anaseka pang'ono, mopanda mkwiyo. "Pepani wake uti, achimwene? Wa pamaliro, kapena winayo?" Kenaka anati, "Ine ndilibe nanu mlandu. Tiyeni mundiperekeze, si patali."

Anayenda limodzi. Tche... tche... tche... Dalaivala misozi ili chuchuchu, akuyesa kupemphera, koma mapemphero ake ataliatali aja onse anathawa. Chinatsala n'chakuti, "Ambuye, ndichitireni chifundo."

Anaima pa kanyumba kena kachilendo, nyale ikuyakabe mkati. "Gogodani," anatero mlendo. Dalaivala anagogoda. Pocheuka... palibe munthu! Palibe njinga!

Chitseko chinatseguka pang'ono. Nkhope ya mayi wamasiye uja anaizindikira nthawi yomweyo. Kumbuyo kwake, pakhoma, panali chithunzi. Malaya oyera. Nkhope ya mlendo uja.

"Mukuyang'ana chithunzicho?" anafunsa mayiyo modabwa. "Ndi malemu amuna anga. Anagundidwa pamlatho zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Nanga inu, bambo, kwagwanji usiku uno?"

Dalaivala anagwada pakhomo pomwepo, m'fumbi.

"Mayi, lole ija ndinkayendetsa ndine. Ndinathawa. Ndikhululukireni."

Mayiyo anagwira chitseko mwamphamvu. Kenaka anachitsegula chonse.

"Dzukani, bambo. Lowani mundiuze zonse. Ndatopa n'kuda munthu wopanda nkhope."