Nyenyezi Zitatu pa Sikirini

"Ababa, uthenga ukachoka mu kompyuta umadutsa kuti?" Anandifunsa choncho mwana wanga, amene timamutcha Kanjiwa, ndikumumanga zingwe za nsapato. Ndinamulonjeza kuti yankho ndibwera nalo kuchokera kusukulu ya madzulo.

Tsiku limenelo aphunzitsi anatisonyeza lamulo la pa kompyuta lotchedwa traceroute. Umalilemba pa sikirini yakuda pamodzi ndi dzina la tsamba la pa intaneti, kompyuta n'kukuonetsa makina onse amene pempho lako ladutsamo, mzere ndi mzere.

"Mukaona nyenyezi zitatu," anatero, "ndiye kuti pamenepo alipo wina. Wamva, koma sakuyankha. Ngati mlamu wako ukamuitana kuti adzakunyamulitse katundu."

Tinaseka. Anzanga atapita, ine ndinatsala kuti ndijambule mizereyo pa foni, Kanjiwa akaone.

Mzere woyamba unali kabokosi ka intaneti ka m'kalasimo. Wachiwiri, kampani yotipatsa intaneti. Wachitatu unayenera kupita kutali, koma unabwerera. Panalembedwa kuti wamawaya.

Wamawaya anali mmisiri wotikonzera intaneti, ndipo laputopu yake anaipatsa dzina lomwelo. Chaka chatha anakwera pholo la kuseri kwa sukulu kutayamba kuda, anthu n'kumuyesa wakuba. Anamutsitsa ndi miyala. Laputopuyo anamuphwanyira pamutu, iye n'kufera pomwepo.

Pansi pa dzinalo panabwera nyenyezi zitatu.

Kuseri kwa khoma mwala unagunda chitsulo. Kenako mapazi ambiri, ndodo, zibakera. Munthu ankabuula, akuitana anthu a m'nyumba zoyandikana, mmodzimmodzi. Akaitana, sikirini inkawonjezera nyenyezi.

Ndinazula pulagi. Mizere inapitirira kutsika. Kenako munthu uja anaitana ine.

"Bambo a Kanjiwa."

Galasi la zenera linasweka. Waya unandikwapula kumsana, malaya n'kung'ambika. Ndinagwera pa desiki, m'kamwa mutadzaza magazi. Unandikwapulanso. Mawu aja anafika pazenera penipeni.

"Bambo a Kanjiwa."

"Ndili pano, achimwene," ndinatero. "Ndakumvani."

Kunja kunangoti zii. Pa sikirini panatuluka mzere womaliza, tsamba lija, kenako inazima.

Mlonda wa pasukulupo ataona msana wanga anayang'ana pansi. Ananong'ona kuti tsiku limene Wamawaya anaphedwa nyumba zonse zinamva, koma palibe anatsegula chitseko.

M'mawa Kanjiwa anandikwera pamiyendo, ine n'kubisa ululu.

"Ababa, yankho langa lija?"

"Umadutsa m'makomo ambiri, mwanawe, ukugogoda khomo lililonse. Ukadzagogoda pako, udzayankhe."