Wonyamula Chikwama pa Njira ya ku Likoswe

Gladson ananyamuka mochedwa tsiku limenelo, koma sikunali kufuna kwake.

Uthenga unamupeza Lolemba m'mawa: mwana wake Yamiko wadwala kwambiri, abwere msanga. Unali mwezi wa Disembala, chaka cha 1997, nyengo imene kampani yomwe ankagwirako ntchito inkadzaza ndi alendo ochokera kunja. Kampaniyo inali ndi malo awiri. Ena anali m'nkhalango m'mbali mwa Shire, tinyumba taudzu tokhala pa nsanamira, momwe mlendo ankaonera njovu ali m'bafa. Ena anali hotela ya kunyanja, ya mchenga umene antchito ankausesa m'mamawa kuti pasaoneke phazi la dzulo. Alendo ankagona masiku anayi kunkhalango, anayi kunyanja. Gladson anali woperekera zakudya, ndipo azungu ena awiri okwatirana kumene anamukonda kwambiri moti anapempha kuti apite nawo kunyanja.

"Alendowa akangonyamuka Lachitatu, iwe upite," anatero manijala. "Malungo a ana sachedwa kupola."

Gladson anati zikomo bwana. Masiku awiri anamwetulira, anatsegula mabotolo a vinyo, anadula chinanazi ngati duwa. Lachitatu alendo anatsanzika dzuwa lili pamutu. Iye anakwera matola mpaka ku Zomba, basi mpaka ku Limbe, ndipo minibasi yomaliza inamutsitsa pa Namitambo masitolo onse atatseka, mvula ikugwa.

Ku Likoswe anali mkamwini, anakwatira Esnat zaka zisanu zapitazo, ndipo masiku amene anagonako akanatha kuwerengeka ndi zala. Njira ankaidziwa imodzi yokha: kudutsa minda, kulambalala manda, kuwoloka mlatho wamatabwa. Anasenza chikwama chake, momwe munali shuga, sopo ndi kadiresi ka Khirisimasi ka mwanayo, nayatsa tochi.

Matope ankagwira nsapato. Chimanga chofika m'mawondo chinkagwedezeka mbali zonse, achule akulira m'madambo. Gladson ankayenda akuganiza za Yamiko. Atabwera pa Isitala, mwanayo anabisala kumbuyo kwa chitenje cha amayi ake, osamuzindikira. Anamuzolowera tsiku lachitatu, tsiku lobwerera kuntchito.

Atafika pa mitengo ikuluikulu ya kumanda, achule analeka kulira. Onse nthawi imodzi.

Tochi inayamba kufiira. Anaimenya pa dzanja. Inawala pang'ono, ndipo m'kuwalako munaima munthu.

Anali bambo wachikulire, wamtali, wovala jekete yoyera ya mabatani achitsulo ndi buluku lakuda. Anaima chilili m'mbali mwa njira, manja kumbuyo.

"Takulandirani, bwana," anatero bamboyo. "Chikwama."

Gladson anagwiritsitsa chikwama chake. "Ine si bwana, achimwene. Ndine wantchito ngati inu nomwe."

"Wofika usiku aliyense ndi mlendo. Chikwama, bwana."

Sanadziwe kuti anapereka bwanji. Zala zawo zinakhudzana pa chogwirira. Dzanja la bamboyo linali lozizira ngati botolo lochokera m'firiji. Koma mapewa a Gladson anapepuka, ndipo kwa kanthawi anamva chinthu chachilendo. Zaka zisanu ndi ziwiri wakhala akunyamulira anthu, koma palibe anamunyamulirapo iye.

Bamboyo anatsogola. Gladson anatsatira, akudziuza kuti ameneyu ndi mnzake wa ntchito za m'mahotela, nayenso akupita kwawo.

"Mchenga akusesabe?" anafunsa bamboyo osacheuka.

"Akusesabe."

"Chitseko cha namba seveni chimavuta. Mumachikweza pang'ono musanakankhe."

Zinali zoona. Chitseko chimenecho ku hotela ya kunyanja chinkavuta mpaka lero. Gladson anafuna kufunsa dzina, koma pomwepo bamboyo anatembenuka pang'ono, ndipo tochi inaunika chizindikiro cha pa thumba la jekete. Nsomba ziwiri zopingasana. Chizindikirocho hotela inachisiya kalekale, iye asanayambe ntchito. Ankangochiona pa mbale zakale zong'aluka zimene antchito ankadyera kuseri kwa khitchini.

Anayang'ananso. Mvula inkagwa, koma jekete inali youma. Anatsitsa tochi. Nsapato zakuda, zonyezimira polishi... zopanda matope ngakhale pang'ono.

Anamvetsera. Phwatha, phwatha. Mapazi a munthu mmodzi yekha. Ake.

"Anandipatsa masiku atatu," anatero bamboyo chapansipansi. "Sindinafikebe."

Gladson anacheuka. Kuthawa? Kuthawira kuti? Kumbuyo kunali manda. Kutsogolo kunali mwana wake. Anapitiriza kuyenda.

Mkokomo wa mtsinje unayamba kumveka. Mlatho unali pomwepo, matabwa ake akuda, madzi akuwanyambita kunsi. Kutsidya kwake, mphindi makumi awiri zokha, kunali kwa Esnat. Gladson anapeza mphamvu. Chikwama asiye, awoloke, athamange. Anaponda thabwa loyamba.

Bamboyo anali patsogolo pake. Sanamuone akusuntha.

"Apa ayi, bwana."

"Mwana wanga akudwala. Chonde ndisiyeni ndidutse."

"Alendo sitiwadutsitsa apa."

Anakhotera kumanzere, m'kanjira kolowa m'bango, chikwama chili m'manja. Gladson anaima. Thabwa linkanjenjemera pansi pa phazi lake. Anabweza phazilo. Anatsatira jekete yoyera ija.

Sanayende patali. Kumbuyo kunamveka kulira kwa misomali ikuzuka... kenako phwaa! Anacheuka. Mphezi inang'anima. Pamene panali mlatho panali madzi okhaokha.

Anagwada m'matope. Bamboyo anaima, kumudikira, ngati mmene amadikirira mlendo amene akumanga chingwe cha nsapato.

Kumtunda mtsinjewo unkagawikana pakati pa miyala ikuluikulu, ndipo mkuyu wakugwa unagona kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lina. Gladson anawoloka chokwawa, atakumbatira thunthu. Bamboyo anayenda m'madzi momwemo. Madzi sanapatuke pa miyendo yake.

Kutsidya anakwera kamtunda, nafika pa nyumba ya njerwa yopanda denga. Gladson ankaiona patali masiku ena. Mtengo wa papaya unamera pabalaza, masamba ake akusuzumira pa windo. Bamboyo anaika chikwama pakhonde mosamala, anachitembenuza kuti chogwirira chiyang'ane kwa mwini wake, naimanso chilili. Kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana Gladson m'maso. Sanali maso oopsa. Anali maso a munthu wotopa.

"Kwanu ndi apo, bwana. Ine ndithera pano. Mukawauze a Margret kuti ndinanyamuka tsiku lomwelo. Ndinangochedwa."

Gladson anawerama kutola chikwama. Ataweramuka, pakhondepo panalibe munthu. Achule anayambanso kulira.

Anathamanga mpaka anagwera pachitseko cha nyumba yake. Esnat anatsegula atanyamula koloboyi.

"Bambo a Yamiko, mwakhala bwanji chonchi? Mwagwa?"

"Mwana ali kuti?"

Yamiko anali pa mphasa, thupi likutentha, maso atatembenuka. Mankhwala amene Esnat anakatenga Lolemba mwanayo ankangowasanza, ndipo madzulo a Lachitatu lomwelo anayamba kukomoka. Esnat ankadikira kuti kuche, mvula ichepe. Gladson sananene kanthu za panjira. Atambala atangoyamba kulira anabereka mwanayo kumsana.

"Mlatho ndi uku," anatero Esnat ataona akukhota.

"Mlatho kulibe. Nditsatire."

Anadzera pa mkuyu uja, Esnat akudabwa kuti mkamwini wosakhala pamudzi waidziwa bwanji njira imene ngakhale iye anaiwala. Anafika ku chipatala cha Namitambo dzuwa lisanatuluke. Namwino anamubaya mwanayo jakisoni, namuika diripi.

"Mwachita bwino kulawirira," anatero. "Mukanadikira masana bwenzi tikunena zina."

Tsiku lachitatu Yamiko anakhala tsonga, napempha madzi, nalola kuti bambo ake amumwetse. Madzulo ake, atakhala pa benchi kunja kwa wodi, Gladson anamufotokozera Esnat zonse. Esnat anapinda nsonga ya chitenje.

"Nyumba ija inali ya a Margret," anatero. "Pano amakhala kwa achemwali awo, amagulitsa tomato pamsika pompano. Zinazo mukafunse eni ake. Pakamwa panga ayi."

M'mawa mwake Gladson anawapeza a Margret pansi pa shedi ya malata, mayi woonda wa imvi, akusanja tomato m'timilu. Anakhala pa njerwa nawapatsa moni.

"Amayi, ndine mkamwini wa ku Likoswe, mwamuna wa Esnat. Ndatumidwa. Lachitatu usiku ndinakumana ndi bambo wina pafupi ndi manda, wovala jekete yoyera ya kuhotela. Anandiwolotsa mtsinje. Akuti ndikuuzeni kuti ananyamuka tsiku lomwelo. Anangochedwa."

Dzanja la a Margret linaima m'malere, tomato ali m'zala. Anamuika pansi pang'onopang'ono.

"Jeketeyo inali ndi nsomba pa thumba?"

"Ziwiri."

"Amenewo ndi a Stanford, amuna anga," anatero. "Anamwalira chaka cha 1989, mwezi wa Febuluwale."

Gladson anayang'ana pansi. Mtima wake unkadziwa kale.

"Ankanyamula zikwama za azungu kunyanja," anapitiriza a Margret. "Mwana wathu Timoti anadwala chikuku. Ndinatumiza telegalamu. Tsiku loyamba sanabwere, lachiwiri sanabwere, mwana anatisiya. Pamaliro ndinayankhula zoipa, anthu onse akumva. Ndinati amakonda azungu awo kuposa magazi awo. Patapita masiku anayi anawapeza kumunsi kwa mtsinje, atakodwa m'bango, jekete ya ntchito ili m'thupi. Mlatho wa nthawi imeneyo unawagwetsa."

Anapukuta manja pa chitenje, ngakhale anali ouma.

"Ine ndinkati anazengereza dala, anayamba atsiriza kusangalatsa alendo. Amenewo ndi maganizo amene ndakhala nawo zaka zonsezi. Anawaika pafupi ndi mwana, koma pamanda pawo sindinapondepo." Anamuyang'ana Gladson. "Ankaoneka bwanji? Anali okwiya?"

"Ayi, amayi. Anali otopa chabe. Anandinyamulira chikwama mpaka pakhonde panu."

A Margret anaseka pang'ono, misozi ikutsika. "Ndi iwowo. Ngakhale mtolo wa nkhuni sankalola kuti ndisenze iwo alipo."

Anatenga thumba nafunditsa tomato wawo, nauza mayi wa pa benchi loyandikana kuti awayang'anireko. Anamanga chitenje mwamphamvu.

"Mwana wanu ali bwanji?"

"Wadzuka, amayi. Wayamba kudya."

"Ndiye mundiperekeze. Tidzera kwa adzukulu a kumanda akatitsegulire njira, khasu tibwereka konko. Udzu uyenera kuti wakula kwambiri."